Chitedze cha Ba Estina

Amene anakwerapo minibasi ya ku Mpanshya n'kuima pa Chinyunyu, pamene pali kasupe wa madzi otentha, ayenera kuti anawaonapo Ba Estina Mulimbika. Ndi mayi wamfupi, wa duku lobiriwira, amene amakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere wa ogulitsa, beseni la nthochi kapena la masuku lili patsogolo. Anzawo akamathamangira kumawindo a basi, iwo amangokhala phee. Wofuna kugula amachita kuwatsata.

Anabadwira konko, anakwatiwa konko ndi Ba Matthias, kalipentala amene anamwalira kalekale. Kutchalitchi ali m'gulu la Anna Woyera, ndipo ntchito imene amaikonda ndi yosesa, chifukwa siifuna kulankhula. Chimene mudzi wonse unkawadziwa nacho ndi mantha a madzi. Mwana wawo aliyense akapezeka kumtsinje ankakwapulidwa, ndipo ana a eni ankathamangitsidwa ndi mawu okhaokha. Anthu sankadabwa, pakuti mwana wawo woyamba, Daliso, anamira m'nyengo ya dzinja ali wamng'ono.

Lachitatu sankagulitsa. Ankanyamula nkhwangwa ndi chingwe n'kulowera kumapiri, n'kubwerako dzuwa litapendeka ndi kamtolo ka nkhuni kosayenerana ndi tsiku lathunthu. Ana awo ankangoti ndi ukalamba.

Lachitatu lina m'mwezi wa Seputembala, chaka china cha chilala, sanabwereko.

M'mawa mwake mwana wawo wamkazi, Dorcas, amene amachapa zovala za odwala kuchipatala cha Mpanshya, anafika ndi mwamuna wake Festus. Anthu anamwazikana m'mapiri, kuitana mpaka mawu kusasa. Sanapeze kanthu. Malo amodzi okha ndiwo sanalowemo: chigwembe china chakuya chimene pakamwa pake ponse panali patayanga chitedze, zitsamba zija zimene ubweya wa nyemba zake ukakugwera umadzikanda mpaka kutuluka magazi. Ngakhale abusa a mbuzi ankapalambalala.

Tsiku lotsatira kunabwera Ba Oswell, mkulu wina wofula uchi. Anakhala pa mtondo wogwadika, chipewa chili m'manja.

"Ndili ndi mawu, mwana wanga, koma usandikwiyire," anauza Dorcas. "Amako ndinawaonapo akukwawa kulowa m'chitedze muja. Si kamodzi ayi."

"M'chitedze? Amayi anga?"

"Ndinaopa kunena. Ndinkati kapena n'zamankhwala."

Dorcas anaseka, kuseka kwa munthu wosokonezeka. Koma popeza kwina konse anali atafunako, ananyamuka: iye, Festus, Ba Oswell ndi amuna ena awiri, atadzikulunga masaka.

Masakawo sanathandize. Pamene ankabzola tsidya lina, amuna akuluakulu anali akuvina ngati aponda moto, kudzikhula ku mitengo, wina misozi ili mbwembwembwe. Dorcas khosi linali litatupa. Kenaka Ba Oswell anaona kanjira kopita pansi pa zitsamba, kosalala ngati ka nguluwe, ndipo pambali pake panali nkhwangwa ndi chingwe, zitaikidwa bwinobwino.

"Ndi za apongozi izi," anatero Festus.

Kuyambira pamenepo njira inali yotsetsereka koopsa. Pena ankatsika chafufumimba, pena akugwira mizu ya mikuyu yolendewera pathanthwe. Festus, mwamuna wa mphamvu zake, anaima pamalo ena n'kusuzumira pansi, akuopa kupitirira. Pamizupo panali posalala, popukutika ndi manja a munthu.

"Sizingatheke," Dorcas ankangobwereza. "Amayi amadandaula mawondo pokwera sitepe ya kutchalitchi."

Mpweya unayamba kuzizira. Masamba anayamba kubiriwira, pomwe kumtunda tchire lonse linali litauma gwaa. Ndiye anamva mkokomo. Atakhota pamwala wina waukulu, onse anaima, kukamwa kuli yasa. Madzi ankagwa kuchokera pamwamba pa thanthwe lakuda, oyera ngati ufa, kugwera m'dziwe lozunguliridwa ndi akanjedza. M'chaka chimene amayi ankalawirira kukaima pamzere kumjigo, kuno madzi ankangotayika. Ba Oswell, amene anakalambira m'mapiri amenewa, anavula chipewa.

Ba Estina anali gone pamwala wafulati m'mphepete mwa dziwe. Mwendo wamanzere unali utatupa, utapindika pamene mwendo supindika. Chitenje ndi duku zinali zopindidwa bwino pamwala wina patali. Iwo anali atavala kabudula wakale wa malemu amuna awo ndi kamalaya kong'ambika, imvi zili pamtunda. Festus ataona apongozi ake ali choncho anatembenuka msanga n'kuyang'ana kuthanthwe.

Dorcas anathamanga, nagwada, akulira. "Amayi! Amayi, muli moyo!"

Mayiwo anatsegula maso. Anamuyang'ana, kenaka anayang'ana amuna aja.

"Wabweretsa anthu onsewa?"

Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba. Dorcas anawafunditsa chitenje.

"Mwagwa bwanji? Munaterereka?"

"Sindinaterereke. Ndinalumpha molakwika. Madzi achepa chaka chino, mwala uja wayandikira."

"Kulumpha? Kulumpha kuchokera pati?"

Analoza ndi mlomo. Pambali pa mathithiwo panali kashelefu ka mwala, kutalika kwake ngati denga la tchalitchi. Mmodzi wa amuna aja anati, "Mayo ine!" n'kukhala pansi.

"Amayi, inu mumasambira?"

"Nanga pamwala pano ndafikapo bwanji ndi mwendo umodzi?"

Koma chimene chinamulasa Dorcas kwambiri chinabwera pamene amuna aja ankadula mitengo yopangira machira.

"Dzulo ndinakumvani mukuitana pamwamba paja," mayiwo ananena motsitsa. "Mawu ako ndinawazindikira."

"Ndiye simunayankhe?"

"Ndinkati mwina kutupaku kuphwa, ndikwawa ndekha."

Kuwatulutsa m'chigwembemo inali ntchito ya tsiku lonse. Pamalo otsetsereka anachita kuwamangirira kumsana kwa Festus, mkamwini kubereka apongozi ake, onse awiri atatseka pakamwa ndi manyazi. Pofika pachitedze Ba Oswell anatukwana zitsambazo, nati Mulungu anazilengeranji. Ba Estina ali pamachira anayankha kuti, "Musamunamizire Mulungu. Ndinadzala ndine."

Amuna aja anatsala pang'ono kugwetsa machira.

Zonse anazifotokoza ali m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha, Dorcas atakhala m'mphepete mwa bedi. Tsiku limene Daliso anamira, iwo analipo. Anaima pagombe, akukuwa, mwana akutengedwa patali pang'ono chabe, koma sankadziwa kusambira. Maliro atatha, anthu atabalalika, anangoyenda kulowera kumapiri osadziwa kumene akupita, mpaka anafika padziwe lija. Analowamo ndi maganizo osatulukamonso. Koma thupi linakana. Manja anayamba kupalasa okha ngati galu, mpaka anagwira mwala.

"Nditatuluka ndinakhala pansi n'kuganiza kuti, kani n'zimenezi? Kanthu kochepa chonchi ndiko kanandilanditsa mwana? Sabata yotsatira ndinabwereranso."

Anadziphunzitsa okha, kumwa madzi, kutsamwa, mpaka anayamba kuwoloka dziwe lonse. Kulumpha kunabwera pambuyo pake. Kumeneko kunalibe wowatchula kuti amake a malemu, kunalibe wowamvera chisoni. Tsiku lina atapeza mapazi a mlenje pafupi ndi pakamwa pa chigwembe, anayamba kutola nyemba za chitedze m'thumba, manja atakulunga nsanza, n'kumazifesa mvula yoyamba ikagwa, chaka ndi chaka.

"Atate ankadziwa?" anafunsa Dorcas.

"Ankaganiza kuti kabudula wawo anabedwa pachingwe."

Dorcas sanaseke. "Munkatimenya chifukwa cha mtsinje, inu mukusambira Lachitatu lililonse! Bwanji simunatiphunzitse? Mpaka lero ine madzi akafika m'mawondo ndimanjenjemera."

Mayiwo anayang'ana kudenga. "Ndikanakuphunzitsani, mukanalowamo," anatero. Dorcas anatuluka panja kukalira kuseri kwa nyumba yochapira.

Kumudzi nkhaniyi palibe anaikhulupirira momwe inalili. Munthu wamkulu angadzale chitedze phiri lonse chifukwa chongofuna kusamba? Anthu anati m'chigwembemo muli golide. Mwezi usanathe, anyamata anatentha chitedze chonse, natsika ndi mapiki ndi mabeseni. Anakumba m'mphepete mwa dziwe, anagwetsa akanjedza, madzi anasanduka matope. Golide sanamupeze. Atachoka iwo kunayamba kubwera achinyamata a ku Lusaka, ovala nsapato zokwerera mapiri, ataona zithunzi pafoni. Festus anapitako kamodzi, nabwerako wosalankhula. Apongozi ake atamufunsa kudzera mwa Dorcas, anangoti madzi akugwabe. Za mabotolo ndi mayina olembedwa ndi penti pathanthwe sananene.

Mwendo unapola koma unafupika, ndipo Ba Estina amayenda ndi ndodo tsopano. Kuchigwembe sanabwerereko. Amayi a m'gulu la Anna Woyera anakhala nthawi akuwayang'ana ngati mlendo, ena akuwaopa, ena akufuna kufunsa koma osadziwa poyambira. Dorcas amabwera Loweruka lililonse ndi sopo ndi tinsomba ta kapenta. Amacheza za mvula, za adzukulu, za mtengo wa feteleza.

Masiku ena galimoto imaima pamsewu, alendo a zikwama kumsana n'kutsika kudzagula nthochi. Amafunsa mayi wa duku lobiriwirayo ngati akudziwa njira ya kumathithi obisika aja.

"Mathithi?" amatero Ba Estina, akuwaikira nthochi m'pepala. "Kuno kuli madzi otentha basi, ana anga. Muwoloke msewu, mufunse pageti."