Bekoni wa Soya ndi Manja a Tsitsi

Ntchito yanga yoyamba inapezeka pa benchi ya chipatala cha ku Chipinge. Azakhali anga anapita kukaonetsa bondo lotupa, ndipo podikira anakhala moyandikana ndi mayi wina wolankhula Chindau, Mai Mhlanga, amene anaperekeza amuna awo odwala bipi. Macheza atakoma, mayiwo anadandaula kuti akusowa mtsikana wa mikono yolimba. Azakhali anati, "Ndili naye ku Ruda, mwana wa achimwene anga. Sukulu anatsiriza, akungothyola tiyi wa maganyu."

Kwathu tiyi ndi ntchito ya mtundu wathu wonse. Agogo aamuna anachokera ku Mulanje kudzathyola tiyi ku chigwa cha Honde, kumene kuli Ruda kwathuko, bambo anabadwira pa esiteti n'kukagwira ntchito ku fakitale, amayi anapindika msana ndi dengu la masamba. Choncho makolo anga atamva za ntchito ya m'khitchini sanafunse n'komwe kuti ndizikaphika chiyani. Anandikweza basi ya ku Mutare, kenako ina ya ku Chipinge, atandipatsa bulangete ndi paketi ya tiyi wa ku fakitale.

Nyumba ya a Mhlanga inali m'mbali mwa msewu wopita ku nkhalango ya Chirinda. Dokotala ataletsa Baba Mhlanga nyama ya nkhumba, bambowo ankangotafuna buledi m'mawa nkhope ili gwa. Mwana wawo wa ku tauni anatumiza kavidiyo pa foni koonetsa kapangidwe ka bekoni wa soya, ndipo Mai Mhlanga anayesa mpaka anakhoza. Pofika ine n'kuti akugulitsa kwa anthu opemphera Loweruka, amene sadya nkhumba, komanso ku nyumba ina ya alendo kufupi ndi nkhalango.

Tsiku loyamba anandionetsa chigayo cha manja, chidebe cha soya woviika ndi kabokosi ka matabwa koboolaboola. "Esinati, mbali yako ndi tofu," anatero. "Tofu akakhala wofewa, bekoni palibe."

Soya ndinkamuviika madzulo, m'mawa n'kumutsuka mpaka makoko ayandame. Ndinkapera pa chigayo ndikuthira madzi pang'onopang'ono, phala lake n'kulifinya m'nsalu yoyera kuti mkaka utuluke. Mkakawo ndinkauwiritsa mumphika waukulu ndikutakasa ndi mthiko, chifukwa ukangotembenuka umasefukira. Ukazizirako pang'ono ndinkathira madzi a mandimu, osavundula, n'kuvundikira. Posakhalitsa unkaundana ngati chambiko, madzi achikasu ali pambali. Zoundanazo, zomwe ndiye tofuyo, ndinkazithira m'kabokosi koyalidwa nsalu, pamwamba thabwa, pa thabwapo njerwa. Tofu wa bekoni amafunika kutsinikizidwa mpaka ukamukanikiza ndi chala asasiye dzenje.

Kuchokera pamenepo ntchito inali ya Mai Mhlanga: kudula, kuviika mu msuzi wa zokometsera, kukazinga. Ndinkadziwa kuti tsiku lina mpeni uja udzakhala wanga. Ndinkangodikira.

Kenako kunabwera Tsitsi. Anali mwana wa mnzawo wa Mai Mhlanga wa kutchalitchi, wamng'ono kwa ine, woseka ndi mano onse. Iye ndi Mai ankacheza m'Chindau chothamanga, ine wa Chishona cha Chimanyika ndi Chinyanja n'kumaseka mochedwa. Mwezi usanathe, ndinamva Mai akuti, "Tsitsi, tenga mpeni, ndione." Anadula kagawo kamodzi, n'kukakweza poyera, kuwala kukudutsa. Mai anaomba m'manja. Ine ndinali pa chigayo, ndipo tsiku limenelo ndinapera soya ngati ndikupera munthu.

Kuyambira apo manja anga ankakhala oyera ndi okwinyika chifukwa cha madzi, akununkha nyemba zosaphika. A Tsitsi ankanunkhira adyo ndi tsabola wofiira wa paprika. Wogula akabwera pa khomo, ankapeza Tsitsi pa chiwaya, ine ndili kuseri ndi njerwa zanga. Ndikaimbira amayi foni ndinkati, "Munthu dzina lake Tsitsi, la m'mutu lomweli." Amayi ankati, "M'Chishona ndi chifundo, ukudziwa bwino. Kodi wakulakwira chiyani?" Funso limenelo linkandipsetsa mtima. Sanandilakwire kanthu. Ankandiitana kuti sisi, n'kumandisungira tizidutswa topserera m'mbali, tomwe ndimakonda.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinali tiyi. Bekoni wa Mai anali wokoma koma analibe fungo la utsi, ndipo utuchi umene anayesa unkawawitsa. M'mawa wina Tsitsi ananunkhiza paketi yanga ya ku fakitale n'kuti, "Sisi, ndibwerekeni masamba pang'ono." Anawathira pansi pa mphika wakale pamodzi ndi shuga ndi mpunga wosaphika, anaika waya pamwamba, anayala magawo a tofu, n'kuvundikira pa moto wochepa. Atavundukula, khitchini yonse inanunkhira ngati malo ootchera nyama. Baba Mhlanga anatuluka m'chipinda ndi ndodo yawo akufunsa amene wagula nkhumba.

Ine ndinabadwira mu tiyi. Ndinamuthyola, ndinamunyamula, ndinamumwa kuyambira ndili wakhanda. Zoti angafukize chakudya sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Zinabwera kwa mtsikana amene sanaikepo dengu kumsana, ndipo tiyi wake anali wanga. Mbiri inamveka mpaka ku nyumba ya alendo ija kuti kwa a Mhlanga kuli mtsikana wa manja odabwitsa.

Sindinamuchite choipa. Ndinkangomuyang'ana. Ndikamapukusa chigayo, maso anali pa iye, kufunafuna pamene alakwitse. Ndinkaona mmene akugwirira mpeni, mmene akuthirira mafuta, mmene akupendekera chiwaya. Miyezi inatha ndikusaka cholakwa, osachipeza.

Tsiku lovuta linali Lachisanu. Mwini nyumba ya alendo anatumiza galimoto m'mamawa kudzatenga Tsitsi kuti akamuyese ntchito ya ukhukhi. Anakwera atavala diresi la kutchalitchi, akundibayibitsa, ine ndikufinya nsalu ngati sindikumuona. Tsiku lomwelo amayi a mpingo wina anali ndi msonkhano, ndipo anaitanitsa beseni lonse la bekoni kuti adzatenge masana. Mai anati apanga okha.

Dzuwa lisanakwere, Baba Mhlanga anagwa pa khonde. Anali kupuma, koma pakamwa patapotoka. Tinawanyamula ndi aneba n'kuwalowetsa m'galimoto ya anebawo. Mai, nsapato imodzi ili m'manja, anasuzumira pa windo nati, "Tofu uli naye. Zinazo wakhala ukuona. Amayi aja usawabweze." Galimoto inapita, ndinatsala ndekha.

Mpeni uja, umene ndinaulakalaka kwa miyezi, unali pa tebulo. Ndinayamba ndi msuzi: sosi ya soya, adyo wosinja, paprika, mafuta pang'ono, viniga, uchi. Ndinatenga mpeni n'kukanikiza pa tofu ngati ndikudula buledi. Kagawo koyamba kanathyoka pakati, kachiwiri kanatuluka kokhuthala ngati sopo. Ndinaima. M'maso mwanga munabwera dzanja la Tsitsi, limene ndinadana nalo kwa nthawi yonseyo. Iye ankagoneka tofu cham'mbali, n'kunyowetsa mpeni m'kapu ya madzi, n'kuukoka chobwerera kwa iye osakanikiza. Ndinatero, ndipo kagawo kanatuluka kathunthu.

Ndinapukuta magawo ndi nsalu youma, ndinawaviika mu msuzi, atamwa ndinawafukiza ndi tiyi. Mpaka apo zinkayenda. Koma nditawaika pa chiwaya, anada nthawi yomweyo n'kumatirira, utsi wowawa uli tolotolo. Chiwaya chonse chinapita pachabe, ndipo tofu amene anatsala anali wongokwanira beseni lija. Wina akanapsa, kupanga watsopano kukanafuna soya woviika kuyambira dzulo.

Ndinakhala pa chidebe n'kulira, mwina chifukwa cha Baba, mwina chifukwa cha manyazi. Ndikupukuta misozi ndinaona pa shelefu kambale kakang'ono ka Tsitsi, kokhala ndi supuni yomata. Ndinali nditakaona kambirimbiri, n'kumaganiza kuti amanyambita uchi mobisa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti uchi ndiwo unapsereza magawo aja. Uchi sankauthira mu msuzi. Ankaupaka kumapeto, magawo atauma kale, chiwaya atachichotsa pa moto.

Magawo otsala anali ataviikidwa kale mu msuzi wa uchi. Ndinawatsuka mopepuka limodzilimodzi, ndinawapukuta, ndinapanga msuzi wina wopanda uchi n'kuwapakanso. Moto ndinauchepetsa. Ndinadikira mafuta ayambe kunyezimira, ndinayala magawo motalikirana, ndipo ndinagwira dzanja langa kuti ndisawakhudze mpaka m'mphepete mutapindika. Tsitsi ankaimba nyimbo podikira. Ine ndinangoluma mlomo. Nditatembenuza, anali ofiirira bwino, olira khirichi ukawathyola. Ndinachotsa chiwaya pa moto n'kuwapaka uchi.

Mtsogoleri wa amayi aja anafika masana ndi anzake awiri, beseni lili lodzaza. Anatola kagawo, anatafuna atatsinzina, n'kuti, "Mwana uja Tsitsi, manja ake anadalitsidwa."

Ndinayankha nthawi yomweyo: "Tsitsi kulibe, amayi. Ndapanga ndine."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwina koyamba chibwerere pa khomo lija. "Oo, ndiwe? Ndiye wakuphunzitsa bwino. Ukamuthokoze."

Ndinawathandiza kunyamula beseni mpaka pa msewu. Chondipweteka chinali chakuti sananame. Tsitsi sanandiphunzitse kanthu, koma chilichonse chimene ndinachita tsiku limenelo ndinachitenga kwa iye.

Mai Mhlanga anabwera dzuwa litapendeka, maso ofiira. Baba anawagoneka m'chipatala, koma anali atayamba kulankhula. Mai anakhala pa mpando wa m'khitchini, anaona chiwaya chopserera chimene ndinaviika panja. Ndinawapatsa magawo awiri amene ndinasunga. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Ukudulabe zokhuthala," anatero. "Mawa mpeni ndi wako. Tofu usasiye."

Tsitsi anamulemba ntchito ku nyumba ya alendo. Atabwera kudzatenga zovala zake, anandipeza pa chiwaya. Anasuzumira, anagwedeza mutu movomera, kenako anati, "Sisi, mukudziwa kuti ndinkakuopani? Maso anu ankandiotcha kumsana. Ndinkasamala chilichonse kuopa kuti mundiseka." Tinaseka tonse, iye ndi mtima wonse, ine ndi theka.

Ndinagwira ntchito kwa a Mhlanga mpaka Mai atasiya malonda kuti azisamala amuna awo. Lero ndili ku Ruda, ndili ndi chigayo changa ndi kabokosi kanga, ndipo aphunzitsi ndi anamwino a kuno amadziwa khomo langa. Tsitsi amanditumizira zithunzi pa foni atavala yunifomu yoyera ndi chipewa chachitali, ataimirira pafupi ndi mbale zokongoletsedwa. Sindinama, pamtima pamandilasabe. Ndinasiya kupemphera kuti nsanje ichoke, chifukwa sichoka. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ikabwera ndiziipatsa ntchito. Chithunzi chikafika, nkhope yake ndimaidumpha. Ndimakulitsa pa mbale ndi zala ziwiri, n'kuyang'anitsitsa mmene wadulira.