Mtsikana Amene Anayankha Kuti "Ayi"

Inu amene mumati mwana wanu ndi wouma mutu pa masamu, khalani pansi mumve za Zuhura wa ku Chinamwali, ku Zomba. Sindizungulira.

Zuhura anali mu Sitandade 8 sukulu ya ulere itangoyamba, ana atapanikizana m'kalasi ngati matemba m'dengu. Mphunzitsi wa masamu anali a Winston. Kaphunzitsidwe kawo kanali kamodzi: kulemba samu pabolodi atafulatira ana, kuisova okha, kenako kutembenuka n'kukuwa, "Mwamva?"

Kalasi yonse: "Eee!"

Bodza lenileni! Ankamva ndi ochepa a kutsogolo. Enawo ankangovomera kuti khungu lipulumuke. Mzere wakumbuyo a Winston ankautcha "kumanda," ndipo Zuhura ankakhala komweko.

Tsiku lina, pa samu ya mafulakishoni, "Eee" uja atangotha, kumanda kunatuluka mawu.

"Ayi sala, ine sindinamve."

A Winston anaika choko pansi. "Anzako onsewa amva. Iweyo ndiwe ndani? Mwano eti?"

Anamukwapula anzake akuona, n'kumupatsa khasu kuti akakumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa zimbudzi. Tangoganizani. Mwana wanena zoona, malipiro ake khasu! Kuyambira pomwepo Zuhura ankakuwa "Eee" kuposa aliyense. Mayeso atabwera analephera. Anabwereza, n'kulepheranso.

Anasiya sukulu n'kuyamba kukwera phiri la Zomba kukatola nkhuni zogulitsa. Ankatsika mtolo uli pamutu, khosi likuwawa, anzake akumudutsa atavala yunifolomu ya sekondale. Ngakhale mayi ake anafika ponena kuti, "Mutu wakowu ndi wosenzera nkhuni basi. Ungokwatiwa."

Chimene chinamudzutsa si chisoni ayi. Unali mkwiyo. Mumtima ankati, "Munthu wosamva amafunsa. Ndinalakwa chiyani?"

Anakalembetsanso Sitandade 8 pa sukulu ina, ali chinamwali chachikulu pakati pa tiana. Ankamunena kuti "anganga." Iye sanasamale. Anasonkhanitsa anzake olephera pansi pa mtengo wa mango akaweruka, n'kuika lamulo: wonena kuti wamva aimirire, afotokozere anzake. Mafulakishoni ankawadula pa nzimbe, n'kukangana mpaka aliyense aone ndi maso ake kuti theka la theka n'chiyani. Akatero ankadya nzimbeyo.

Anakhoza. Sekondale anaimaliza movutikira, tchuthi chilichonse ali m'phiri ndi nkhuni. Kenako anapita kukoleji ya aphunzitsi. Ndiye onani zochita za Mulungu: anamutumiza pa sukulu yake yoyamba ija, a Winston ali hedimasitala. Iwo sanamuzindikire n'komwe. Wokwapula amaiwala msanga.

Madamu Zuhura atapatsidwa Sitandade 8, anathetsa "Eee." Anathetsanso kumanda. Ana anawakhazika m'magulu, wochenjera ndi wovutika pamodzi. Ankayeza khonde ndi chingwe, kuwerengera ndi zitsekerero za mabotolo, kutsutsana pabolodi choko chili m'manja mwawo. Wolakwa sankamenyedwa, ankafunsidwa kuti, "Waganiza bwanji? Tiuze."

Phokoso linalipo, sindinama. Makolo ena anakadandaula kuti makope alibe manotsi. A Winston anamuitanitsa.

"Imeneyi ndi kalasi kapena msika? Ndikuchotsani, mukaimbitse nyimbo a Sitandade 1. Mawa ndilowa ndekha, muone mmene masamu amaphunzitsidwira."

Mayeso anali pafupi. Zuhura ankadziwa kuti akachotsedwa, ana aja abwerera kumanda.

Kutacha a Winston analowa ndi ndodo kukhwapa. Anafulatira, kulemba, kusova, n'kutembenuka.

"Mwamva?"

Zii.

Kenako anaimirira Asiyatu, mwana wa bambo wa kabaza, amenenso anali wobwereza. Iye anati:

"Ayi a hedi. Mwatisiya pamzere wachiwiri."

A Winston anasolola ndodo. Zuhura anadumpha n'kuima pakati.

"Muyambe ine, a hedi. Msanawu mukuudziwa kale. Dzenje lili kuseri kwa zimbudzi lija anakumba ndani? Ndine Zuhura wa kumanda. Ndinangonena zimene wanena mwanayu."

Anatembenukira ana. "Amene sanamve, mkono m'mwamba. Musaope."

Mikono inakwera ngati chimanga m'munda, ngakhale ya a kutsogolo. A Winston anaima kukamwa kuli yasa. Zaka zonse zija "Eee" ankawabisira mikono imeneyi.

Zuhura sanadikire kuti a Winston apume. "Tipangane pompano. Ndisiyireni anawa mpaka mayeso. Akalephera, musavutike n'kundisamutsa, ndibwerera ndekha kunkhuni. Koma akakhoza, ndodoyo isalowenso muno."

A Winston anatuluka akukwekwereza ndodo pansi.

Zotsatira zitatuluka, ana ambiri anakhoza, kuphatikizapo amene anthu anawaika kale m'manda. Asiyatu anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Bambo ake anazungulira Chinamwali yense akuliza belu la njinga, osanyamula munthu.

A Winston sanapepese. Akuluakulu athuwa kupepesa kumawawawa ngati dzino. Koma teremu yotsatira anthu anawamva mu Sitandade 7, mawu ali pansi, akufunsa kuti, "Ndani sanamve?"

Tsono inu aphunzitsi, lekani kufunsa bolodi. Choko mupatseni mwana, alakwitse, akonze, afotokozere mnzake. Inu makolo anzanga, musamatengeke ndi manotsi odzaza kope pamene mutu uli mbee. Mwana si tomato woti akabooka pang'ono mutaye kudzala.

Ndipo iwe amene wakhala kumbuyo ukukuwa "Eee" mtima ukulira, kweza mkonowo. Akuseke, akutche anganga, funsabe. Usataye mtima. Zuhura anakumba dzenje, koma sanalowemo.