Kanthambi kouma ka pathanthwe

Bambo a Tadala, lero posesa kuseri kwa kabati ndatola kanthambi kouma kaja. Chaka china chatha chichokereni inu, ndipo ine ndatopa. Ndatopa ndi kuyankha kuti "tili bwino" pakhomo la tchalitchi. Mukukumbukira tsiku lija munandikokera kuphiri kumtunda kwa Malindi, dzuwa likuswa mtengo? Miyala inkawotcha mpaka m'masilipasi. Inu munkandilozera mbira zikuthawira m'mapanga ndi agulo akugwedeza mitu, koma ine ndinkangodandaula njira yonse. Kenako munagwada pathanthwe n'kuthyola kachitsamba kofota, kouma gwa. Ndinakalipa kuti, "Mwandiyendetsa mtunda wonsewu chifukwa cha zinyalala?" Munangoseka. "Mayi a Tadala, aka sikanafe ayi. Kwathu m'Chiyao timakatcha chanasa, ndiye kuti chifundo. Kakungodikira madzi." Titafika kunyumba munakaviika m'kapu yanga ya tiyi, ndipo kutacha kanali katatambasula timasamba, kobiriwira ngati m'dzinja. Munandinyodola sabata yonse.

Lero ndakaviikanso m'kapu yomwe ija. Tadala wandiseka kuti amayi ayamba kuthirira nkhuni. Koma pofika madzulo ano kayamba kubiriwira, bambo. Nthawi yonseyi kanali m'fumbi kuseri kwa kabati, koma timadzi ta m'kapu tokha takadzutsa. Nanga inu, misozi yonse ndathira pamanda paja, mukudikirabe madzi ati?