Bondo la achimwene ndi nkhuku ya azakhali

Lamulungu lapitali nditaweruka ku tchalitchi ndinapita kukazonda achimwene anga, a Lekisoni, amene akhala akubindikira pakhomo chifukwa cha bondo. Ndinadzera pa Songani n'kugula buledi ndi paketi ya shuga. Sindinaganize n'komwe. Miyendo inangondifikitsa yokha pagolosale, monga imachitira ya aliyense wopita kwa wodwala.

Alamu anga, aNaphiri, analandira jumbo ija ndi manja awiri, anathokoza, n'kukaiika pamwamba pa kabati. Nditakweza maso ndinaona kuti pamwambapo pali kale mabuledi ena, mapaketi a shuga ndi mabotolo a skwashi, pansi pake zigubu za thobwa zitandandalikidwa kukhoma. Ukanati alamu akufuna kutsegula okala.

Ndikufotokozereni kaye za achimwenewa.

Anayendetsa minibasi zaka zambiri pamsewu wa ku Liwonde, ndipo atatopa nayo anatsegula shopu ya zipangizo za njinga. Ntchito zonse ziwirizi n'zogwira uli chikhalire, tchipisi cha pachiwaya chili pafupi. Thupi linkabwera pang'onopang'ono, anthu n'kumaliombera m'manja. "Koma ndiye mwasintha, bwana! Zikuyendatu!" Iwonso ankangomwetulira, akusisita mimba.

Chaka chatha anayamba kumva chizungulire. Kuchipatala anawauza mosapita m'mbali kuti magazi akuthamanga kwambiri, shuga naye wafika pakhomo, wangotsala kugogoda. Anawauza kuti thupilo alichepetse ngati akufuna kudzaona zidzukulu zikukula.

Achimwene ndi munthu wamakani, koma apa anamvera. Anayamba kulawirira m'mamawa kuyenda wapansi, kulowera chakumtunda, kutsinde kwa phiri, n'kubwerera thukuta lili kamukamu. Anyamata a kabaza ankaima n'kuwafunsa mwaulemu, "Bwana, galimoto yafa? Kwerani tikakusiyeni." Iwo ankangowakweza dzanja n'kupitiriza. Lamba anayamba kubwerera pa zibowo zimene anazisiya kalekale.

Kenako tsiku lina kutagwa mvula anaterereka pamwala akuwoloka kamtsinje, bondo n'kubinyika. Fupa silinathyoke, koma minyewa inavulala. Adokotala anati kuyenda mtunda kuyambe kwaima. Anawonjezera mawu amene alamu anawasunga bwino: bondo lovulala silichira msanga likamasenza thupi lolemera, ndiye poti miyendo yapuma, ntchito yonse yatsalira m'mbale.

Alamu ndi munthu wadongosolo. Anagula kambale kakang'ono ka achimwene okha. M'mawa phala la mgaiwa lopanda shuga. Masana mtanda umodzi wa nsima, koma ndiwo zamasamba zodzaza, nandolo pambali, tsiku lina nsomba za m'madamu zowotcha. Tiyi wa mkaka wothira masupuni osawerenga uja anatha. Ndipo tsiku lililonse amawakhazika pampando pakhonde, kuwamangirira kathumba ka mchenga pakakolo, kuti azikweza mwendo n'kuutsitsa monga anawaonetsera kuchipatala.

Ndinawapeza akuchita zomwezo. Nkhope ili gwa, mano ataluma, mwendo ukukwera monjenjemera.

"Zikupweteka?" ndinafunsa.

"Zikupweteka, koma zikuthandiza. Sabata yatha sindimafika apa."

Tili mkati mocheza, pabwalo panaima njinga ya kabaza. Anatsika azakhali athu, alongo awo a malemu bambo, ochokera kwa Malemia, dengu lili m'manja. Padziko pano ndi iwo okha amene amatchula achimwene kuti iwe, chifukwa anawabereka kumsana.

Sanapereke n'komwe moni. Maso awo anagwera pa kathumba kaja.

"Mayo ine! Iwe Lekisoni, mwendo wovulalawo aumangiriranso mchenga? Ndi chilango chanji chimenechi?"

"Ndi masewera, azakhali. Anatero a kuchipatala."

"Masewera? Munthu wodwala amagona. Tamasula msanga."

Achimwene anamasula. Alamu anatuluka, anagwada, analonjera apongozi awo, n'kulandira dengu. Munali nkhuku yokazinga yonyezimira mafuta, mpunga wodzaza bakuli, zitumbuwa, ndi chigubu cha thobwa limene azakhali ananena okha kuti sanaumire shuga.

Tsoka lake, nthawi inali ya nkhomaliro, ndipo kambale kaja kanali katakonzedwa kale. Alamu anakabweretsa. Azakhali anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana alamu.

"Inu aNaphiri, chimenechi n'chakudya cha bambo wa pakhomo kapena cha mwana wa mkaka?"

"Apongozi, adokotala anati thupi lichepe kuti bondo..."

"Adokotalawo anamulera ndi iwo mwana ameneyu? Tamuonani khosi mmene latalikira. Malaya akungolendewera. Kumudzi anthu akundifunsa kuti kodi mwana wa achimwene anu akudwala chiyani, nanga mkazi wake akubisa chiyani. Ine ndiziyankha kuti chiyani? Ngati mwatopa naye nenani, tidzamutenge. Apo ayi nkhani imeneyi ndikaitula kwa ankhoswe."

Alamu anali chigwadire, maso ali pansi. Mayi amene wakhala akudzuka m'bandakucha kuthyola nkhwani, kupima mafuta ndi kasupuni, kukangana ndi mwamuna wake pa nkhani ya shuga, anali atangouzidwa pamaso pa alendo kuti akupha munthu ndi njala.

Achimwene anayang'ana akazi awo, anayang'ana azakhali, kenako anati, "Tabweretsani nkhukuyo."

Anadya. Anadya ntchafu, anadya chidale, anakokera mpunga pafupi. Azakhali anakhala moyang'anizana nawo, akuperekeza nthongo iliyonse ndi maso, n'kumawonjezera m'mbale ikayamba kuoneka pansi. Pamapeto anawathirira thobwa m'kapu yaikulu, achimwene n'kugugudiza. Sindikudziwa ngati ankadya chifukwa chofuna kuteteza akazi awo kapena chifukwa nkhukuyo anali ataisowa. Mwina zonse ziwiri.

Pokwera kabaza azakhali nkhope inali itawala. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza, "Akudya. Achira ameneyu."

Mawu amenewo ndi amene andipangitsa kulemba lero.

Tonse timawadziwa. Munthu akachokera kozonda wodwala, funso loyamba limene timamufunsa si lakuti adokotala ati chiyani. Timafunsa kuti, "Akudya?" Akati inde, mitima imakhala pansi. Akati ayi, timayamba kufunsana za mayendedwe ndi kudziwitsa achibale akutali. Chipatala chathu chonse chili pakamwa pa wodwala.

Ndiye poti umboni wa kuchira ndi kudya, wozonda sabwera chimanjamanja, ndipo sachoka asanaone ndi maso ake. Wodwala amene wakana chakudya cha mlendo wanyoza mlendoyo. Wakana cha amayi a ku mpingo, wanyoza mpingo. Wakana thobwa la azakhali, ndiye kuti alipo amene akumuletsa, ndipo tonse timadziwa kumene chala chimaloza.

Kodi munaonapo munthu atanyamula mpiru kupita nawo kwa wodwala? Kapena papaya? M'chigwa chathu chino masamba ali mbwee m'madimba chaka chonse, mapapaya amagwa okha, mapeyala timagenda nawo agalu nyengo yake ikafika. Koma ayi, zimenezo n'zochititsa manyazi. Anthu angati ndife oumira. Mphatso yeniyeni iyenera kuchokera m'golosale, ikhale yotsekemera kapena yonona, makamaka zonse ziwiri.

Sindikunyoza mwambo wozonda odwala. Ndi mwambo wabwino, ndipo tsiku limene tidzausiye tidzakhala anthu osauka kuposa mmene tilili. Unayamba nthawi imene matenda ambiri ankadya thupi, wodwala n'kumafunikadi phala la shuga kuti apeze mphamvu zodzukira. Malungo akadalipo, ndipo wodwala malungo mupatseni thobwalo amwe.

Azakhali nawonso sindikuwaweruza. Anaika m'manda ana awo awiri m'zaka zija matenda oondetsa anasesa midzi yathu. Anaona matupi akusungunuka pamphasa iwo akuyang'ana. Kwa iwo khosi lotalika si nkhani ya sikelo ya kuchipatala. Ndi chiyambi cha maliro. Munthu wotere simungamuuze ndi mawu awiri kuti kuonda kwina n'kuchira.

Koma matenda asintha, ife osasintha. Lero m'mabanja mwathu muli shuga, muli kuthamanga kwa magazi, muli anthu amene anagwa mwadzidzidzi mbali imodzi n'kufa ziwalo. Amenewa si matenda a m'tauni okha ayi. Ali pa Naisi, ali pa Songani, ali m'nyumba zofolera udzu. Ndipo amenewa amakula ndi zinthu zomwe timanyamula m'majumbo popita kukazonda.

Taganizani za munthu amene wavulala ali pakati pa nkhondo yochepetsa thupi. Kuyenda kumene kunkamuthandiza kwaima. Wakhala pansi tsiku lonse, akuboweka, wailesi yamukwana, m'kamwa mukufuna kanthu. Panthawi yomwe akufunika kusamala kwambiri ndi pamene mudzi wonse ukubwera pamzere, aliyense ndi jumbo yake, aliyense akufuna kuona akutafuna. Akakhala munthu wodziwika ngati achimwene, wa kumpingo ndi kumsika komwe, alendo sathera. M'mawa a kwaya, masana anzawo a minibasi ndi kanyenya, madzulo achibale. Wodwalayo amadya kangati patsiku?

Nanga masewera? Munthu wamkulu akamayenda wapansi popanda kumene akupita timati zamuvuta. Akamakweza mwendo pakhonde timati akuzunzidwa. Timafuna agone chagada, afunde bulangeti, tizimumvera chisoni bwinobwino. Wodwala amene akutuluka thukuta amatisokoneza, chifukwa sitidziwa kuti timupepese kapena timuyamikire.

Ndipo pa zonsezi amene amasenza mlandu ndi mkazi. Mwamuna akanenepa, timati mkazi wake amadziwa kusamala. Akaonda, sitifunsa kuti adokotala anati chiyani, timafunsa kuti kodi m'nyumbamo muli mtendere. Thupi la mwamuna tinalisandutsa chikwangwani cholengeza khalidwe la mkazi wake. Ndiye mkazi amene akufuna kuti mwamuna wake akhale ndi moyo wautali ayenera kulolera kuti dzina lake liipe. Ndi angati angapirire zimenezo?

Ine ndinachoka pakhomopo mtima ukuwawa, komanso nditakwiya pang'ono, osadziwa kuti ndikwiyire ndani. Aliyense pakhonde paja ankachita zimene ankaona kuti n'chikondi.

Kuzonda kwina kulipo, kungoti sitinakuzolowere. Mukhoza kufunsa mwini khomo musananyamuke kuti wodwalayo akuloledwa kudya chiyani. Si mwano umenewo. Mukhoza kubwera ndi bawo n'kumuchotsa maganizo pa chakudya. Mukhoza kumugwira mkono n'kuyenda naye pang'onopang'ono mpaka pamsewu ndi kubwerera, ngati achipatala alola. Ndipo akakankhira mbale yanu pambali n'kunena kuti zikomo ndakhuta, mukhoza kungovomera, osakafalitsa kumudzi kuti zinthu sizili bwino.

Lachinayi ndinadutsanso kwa achimwene. Ndinawapeza ali m'tulo pampando, mwendo uli pa kasitulu, bondo litatupa kuposa Lamulungu. Mbiri ya ulendo wa azakhali inali itafika kale kwa achibale ena, ndipo awiri anali atabwera dzulo lake, aliyense ndi bakuli lake, kudzaona ngati zili zoona kuti munthu akumanidwa chakudya.

Alamu ndinawapeza kuseri, akukazinga nyama. Mafuta anali ochuluka ndithu.

"Alamu, nanga dongosolo lija?"

Sanatembenuke msanga. Anatakasa mumphika, anapukuta manja pachitenje, kenako anandiyang'ana. M'maso munalibe misozi, munali kutopa basi.

"Alamu, ine ndayesetsa. Usiku ndimagona ndikumvetsera mmene akupumira, ndimaopa. Koma akadzagwa ali wonenepa, anthu adzati ndi chifuniro cha Mulungu, adzandipepesa. Akadzangodwala ali woonda, adzati ndamupha ndine. Inuyo mukanasankha chiyani?"

Funsolo ndalibweretsa kwa inu amene mukukonzekera kukazonda wodwala Lamulungu likubwerali, chifukwa amene tinaika mayi uja pamalo osankha zimenezi ndi ife.