Galu wa a Benado

Ndinali ndi zaka khumi pamene galu anandiluma. Chipsera chilipo mpaka lero, pa katumba wa mwendo wamanzere. Mano anayi. Sindine munthu wolemba nkhani. Shikola ndinalekera kalasi yachinayi. Koma iyi ndiifotokoza monga momwe inachitikira.

Inali nthawi ya nkhondo. Anali atatichotsa m'midzi yathu n'kutisonkhanitsa pamalo amodzi kufupi ndi Mualadzi. Malowo ankati aludeya. Nyumba zinali m'mizere, zothinana, moti munthu akatsokomola mnzake wa nyumba ina ankamva. Bambo anga anali atawolokera ku Zambia kukafuna maganyu. Pakhomo tinali ine, amayi ndi mlongo wanga wamng'ono. Wotiyang'anira anali amalume a Inasiyo Banda, mlongo wawo wa amayi. Kwathu mlandu wa mwana umayendetsedwa ndi malume wake.

Nyumba yoyandikana nafe inali ya a Naphiri, mayi wamasiye. Anali ndi mwana mmodzi yekha, a Benado, mnyamata wamkulu wokonda uzimba. Dzinja la chaka chimenecho amuna amfuti anawapeza a Benado kumunda ndi anthu ena, n'kuwatenga kuti akawasenzere katundu. Galu wawo, Liyawu, anabwerera yekha tsiku lachitatu. Anakagona pakhomo pa gowelo la mbuye wake. A Naphiri anamanga chitseko cha gowelolo ndi luzi, ndipo palibe ankalowamo.

Agalu ambiri anthu anali atapha okha. Galu amauwa, ndipo tikathawira kutchire kuuwa kunkaulula pobisala. Liyawu yekha ndiye anatsala mumzere wathu.

Tsiku limenelo linali masana, dzuwa likuswa mtengo. Tinkasewera mpira wa nsanza. Mpira unagubuduzika n'kukaima pachitseko cha gowelo lija. Ndinathamangira. Galu sindinamuone. Sanauwe n'komwe. Ndinangomva kutentha pamwendo, kenako ndinali pansi, fumbi lili m'kamwa. A Naphiri anatuluka ndi munsi m'manja n'kumukalipira, iye n'kundisiya. Anandinyamula okha kupita nane kwa amayi. Nsalu yawo yonse inali magazi.

Kwathu kunali mwambo wake. Galu akaluma munthu, mwini galu ankadula ubweya wa kumchira, n'kuuwotcha, phulusa lake n'kupaka pabala. Kenako ankabwera ndi nkhuku, kuigwira ndi manja awiri pamaso pa anthu, n'kunena kuti galu wanga walakwa. Mlandu unkathera pomwepo. Mwana aliyense ankadziwa zimenezi. Ine, ngakhale ndinkalira, nkhukuyo ndinali nditaiganiza kale. Nyama tinali tisanailawe chiyambire mvula.

Amalume atafika anayang'ana bala, kenako anapereka mpeni kwa a Naphiri.

"Mayi, kaduleni ubweya."

A Naphiri sanaulandire. "Dulani ndinu, a Banda. Ine ndimugwira."

"Amadula ndi mwini wake."

"Mwini wake kulibe. Akubwera."

Amayi anga analanda mpeniwo n'kukadula okha. Ine sindinamvetse. Mpeni ndi mpeni, ubweya ndi ubweya. Wodula akhale uyu kapena uyo, zinali ndi kanthu kanji?

M'mawa mwake amalume anandikweza pa njinga kupita ku kachipatala ka ku Mualadzi. Namwino anali mwamuna wamfupi, wotopa. Ataona phulusa anatukwana m'Chipwitikizi. Anatsuka balalo ndi sopo ndi madzi nthawi yaitali, ine ndikukuwa. Jakisoni wa chiwewe anati alibe, msewu wochokera ku Tete sunkadutsika. Anafunsa ngati galuyo ali moyo.

"Ali moyo, koma lero timupha," anatero amalume.

"Musamuphe. M'mangeni masiku khumi, muzimuona. Akadya, akamwa madzi, akakhala bwinobwino, mwanayu ali bwino. Akayamba dovu, muthamange naye mwanayu ku Zambia."

Pobwerera amalume ankang'ung'udza njira yonse. Galu woluma mwana akusungidwa ngati mlendo. Ine ndinasokonezekanso. Dzulo anandipaka phulusa kuti ndichire, lero alitsuka kuti ndichire. Poyamba galu afe, tsopano galu adye.

A Naphiri anamumanga Liyawu pa mzati wa nkhokwe. Ankamupatsa mkute ndi madzi m'phale. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankabwera kwathu kudzaona mwendo. Tsiku loyamba anabweretsa kachidutswa ka sopo, kopyapyala ngati lilime la mphaka. Tsiku lachiwiri mchere pang'ono m'katsamba. Nthawi imeneyo mchere unali wosowa kuposa nsapato. Kuyambira tsiku lachitatu ankabweretsa dzira lophika, likadali lotentha. Nkhuku anali nazo ziwiri zokha, thadzi lofiira ndi msoti wakuda.

Masiku khumi anakwana. Galu anali bwino. Amalume anati tsopano mlandu.

Tinapita kwa sekeretaliyo wa aludeya, amene ankaweruza timilandu ta pamalopo. Anali munthu wa chipewa cha nsalu, wokonda kulankhula ataimirira. Ine anandikhazika kutsogolo, mwendo wotambasula, kuti onse aone.

"Lamulo ndi losavuta," anatero. "Chiweto chikavulaza munthu, mwini wake amayankha. Galuyu ndi wa yani?"

"Wa Benado," anayankha a Naphiri.

"Benado ali kuti?"

"Mukudziwa kumene ali. Inu ndi amene mumati mutiteteza."

Anthu ena anaseka chamunsi. Sekeretaliyo anakonza chipewa. "Chabwino. Amamudyetsa ndani?"

"Ine."

"Ndiye ndi wanu."

"Inu munthu akakusungitsani mbuzi, mwaidyetsa mwezi umodzi, yasanduka yanu? Mungaiphe? Mungaigulitse?"

"Mbuzi ndi ina, galu ndi wina."

"Wina bwanji? Miyendo ndi inayi yomweyo."

Amalume analowerera. "Mayi, sitikufuna ng'ombe. Nkhuku imodzi ndi mawu awiri. Mwana wathu wakhetsa magazi pakhomo panu."

"Magaziwo ndinachapa ndine, a Banda. Ndikudziwa kuchuluka kwake. Benado akabwera adzabwera ndi nkhuku yekha. Adzagwada. Mwana wanga si wamwano."

"Nanga akapanda..."

Amalume sanamalize. Amayi anawakoka malaya kumbuyo. A Naphiri anawayang'ana m'maso osaphethira, mpaka amalume anayang'ana pansi.

Sekeretaliyo anati nkhaniyi ili ndi mbali ya lamulo ndi mbali ya mwambo, ndipo mbali ya mwambo si yake. Anatitumiza kwa akatekisiti. Akatekisiti anatiwerengera mawu a kukhululuka. Amalume anati, "Kukhululuka tikhululuka, aphunzitsi. Koma munthu umamukhululukira atapepesa. Apa tikhululukira ndani, galu?" Akatekisiti anati bwererani kwa sekeretaliyo. Tinayenda chonchi sabata ziwiri, ine ndikutsimphina pambuyo.

Mazira sanaleke kubwera. Tsiku lina ndinamva amayi akuuza amalume kuseri kwa nyumba kuti asiye. "Achimwene, mazira amene wadya mwanayu apitirira nkhuku kalekale."

"Mazira ndi chifundo," anatero amalume. "Chifundo munthu amapereka akafuna, amaleka akafuna. Nkhuku ndi ufulu wa mwana. Ndikaisiya lero, mawa galu wina aluma mwana wina, mwini wake adzangoti pepani ndi dzira. Ndiye ndine malume wanji?"

Ndinaona kuti amalume akunena zoona. Madzulo a Naphiri atabwera, ndinaonanso kuti munthu wondisenda dzira ndi zala zake sangakhale woipa. Mutu wanga wa zaka khumi sunathe kusunga ziwirizi pamodzi. Ndinawafunsa.

"Amayi a Benado, bwanji osangopereka nkhukuyo? Msoti wakuda uja sukuikira n'komwe."

"Idya dzira, iwe."

"Koma amalume akuti..."

"Ndati idya. Lizizira."

Bala linapola. Mvula inatha, tinakolola kachimanga kochepa kamene kanatsala. Amalume ndi a Naphiri ankapatsana moni wouma. Nthawi zina amalume akamwa kachasu ankaima pakati pa nyumba ziwirizo n'kunena mokweza kuti mlandu suwola. A Naphiri ankayankha ali m'kati kuti eya, suwola, udikire mwini wake. Liyawu anabwerera pachitseko chake. Ine ndinkazungulira kutali.

Nyengo yachisanu itayamba, kunafika mtsikana wina dzina lake Rozina. Anali mmodzi wa anthu amene anatengedwa tsiku limodzi ndi a Benado. Anathawa. Mapazi ake anali otupa, osweka, ndipo sankalankhula kwambiri. Anthu ankamufunsa za abale awo, iye n'kumangogwedeza mutu. Tsiku lachiwiri ndinamuona akupita kumtsinje ndi a Naphiri, awiriwiri, atasenza mitsuko. Anachedwa kubwerako. Pobwera mitsuko inali yopanda madzi. Ndinaona zimenezo, koma sindinaganizepo kanthu.

M'mawa mwake, dzuwa litangokwera, a Naphiri anaima pabwalo pathu. Anavala nsalu yawo ya kutchalitchi. M'manja anali ndi thadzi lofiira lija, loikira mazira, miyendo yomanga.

"Odi. Itanani a Banda."

Ine ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinathamanga kukaitana amalume, ndikukuwa njira yonse kuti nkhuku yabwera, nkhuku yabwera. Anthu anatuluka m'nyumba. Amalume anabwera mofulumira. Atangowaona a Naphiri anaima. Anabisa manja kumbuyo.

A Naphiri anagwada. Anatambasula manja onse awiri.

"Galu wanga analuma mwana wanu. Ndalakwa. Landirani."

"Ayi, mayi," anatero amalume. Mawu awo anali aang'ono. "Dzukani. Palibe changu. Mlanduwu udikire."

"Palibenso womudikira. Galu ndi wanga. Landirani, a Banda, manja andilema."

Amayi anga anagwa pansi pomwepo n'kuyamba kulira maliro. Amayi ena a mumzere anawalandira. Ine ndinaima pakati, kukamwa kuli yasa. Munthu amene anavutitsa miyezi yonseyi kufuna nkhuku tsopano akuikana. Munthu amene ankaikaniza akukakamiza. Tawina mlandu, koma amayi akulira. Ndinafunsa kuti wamwalira ndani.

Potsiriza amalume anandikankha pang'ono paphewa. "Landira ndiwe. Ndi yako."

Ndinailandira. Inali yofunda, mtima wake ukugunda m'manja mwanga. A Naphiri anadzuka, anasasa fumbi m'maondo, anapita kukamasula luzi pachitseko cha gowelo.

Mtembo kunalibe. Anakulunga malaya a a Benado m'mphasa yawo, n'kukakwirira zimenezo. Rozina ndiye anafotokozera akuluakulu pamene anawasiya ndi momwe zinachitikira. Ife ana sanatiuze. Nkhuku ija amayi anaiphikira anthu odzalira, nditavomera ine, chifukwa amalume anati popanda mawu anga siingaphedwe. Anandipatsa ntchafu. Ndinadya. Inali yokoma. Ndakhala ndikufuna kunena kuti inandikanika pakhosi, koma lingakhale bodza.

Chaka chotsatira nkhondo inakula, aludeya inabalalika. Ife tinawolokera ku Zambia cha kumbali ya Cassacatiza. A Naphiri anapita kwa abale awo kwina, galu ali pambuyo pawo. Sindinawaonenso.

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse, ndipo palibe anandikhazika pansi kundiuza. Ndinadzaona ndekha pa maliro ena, nditakula. Kwathu katundu wa munthu wamoyo sagawidwa. Khasu lake, njinga yake, galu wake, mlandu wake, zonse zimadikira iye. Zimapita m'manja mwa wina pokhapokha mwini wake atafa. A Naphiri akanadula ubweya uja, akanapereka nkhuku ija, akananena pamaso pa anthu kuti atenga za mwana wawo. Mchere ankatha kupereka, sopo, mazira, chilichonse. Mawu oti galu wanga okha ndiwo sakanatha.

Amalume sanalakwe. Wolumidwa ndi galu ali ndi ufulu wake, ndipo si kupempha. Lero munthu akalumidwa kuno ku Chifunde ndimamuuza kuti atsuke ndi sopo, apite kuchipatala tsiku lomwelo, phulusa alisiye. Mwini galu afunidwe, aone za mankhwala ndi za ulendo, apepese. Akakana, nkhani ipite kwa oweruza. Pamenepo sindisintha. Koma ndikaona munthu akukana kanthu kakang'ono ndi mphamvu zake zonse, sindifulumira kumutcha wouma mtima. Ndimayamba ndafunsa kuti kanthuko kakuchirikiza chiyani.

Chimodzi sindinauzepo munthu. Miyezi yonse ija, Lamulungu lililonse kutchalitchi, ndinkagwada n'kupempha Mulungu kuti nkhuku ibwere msanga. Sindinkadziwa chimene ndinkapempha.