Mawu a Malemu mu Laputopu

Mumsewu monse muja amawatchula a Waya, ndipo dzina lawo lenileni mwina analiiwala ndi eni ake omwe. Anayamba ndi mawailesi, kenako ma TV, kenako mafoni, ndipo imvi zitayamba kutuluka anali atakhazikika pa makompyuta, m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wometa. Luso lawo, tisanamizane, linali limodzi: chinthu chikavuta, fufuta zonse, yambiranso. Kompyuta ikuchedwa? Fufuta. Yagwidwa vayirasi? Fufuta. Zinkathekadi, makasitomala n'kumapita akuthokoza.

Mng'ono wawo anali wamtundu wina. Iye ankalemba mapulogalamu, munthu wofatsa, wosataya ngakhale kapepala. Atamwalira, a Waya sanalire. Ananyamula nawo bokosi, anakhala pampando umene anawalozera, anagwira chanza aliyense, tsiku lachitatu n'kutsegula shopu. M'kati mwawo munali dzanzi lokhalokha, longa la mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Patatha mwezi, mlamu wawo, mkazi wa malemuyo, analowa m'shopu akupapasa khoma. Matenda a shuga anali atawatha maso. M'chikwama anali ndi laputopu.

"Alamu, ang'ono anu anandisiyira kanthu umu," anatero. "Ankakonza bulawuza, pulogalamu yotsegulira intaneti ija, kuti izindilankhula. Mawu ake anajambula okha. Ndinkawamva kuchipinda: tsegula, bwerera, tseka. Koma anadwala asanaimange. Kwina kulikonse kulibe mawu awo, mukudziwa mmene ankathawira kujambulidwa. Mundimangire, ndiwamveko."

"Isiyeni, alamu," anayankha a Waya.

Kunena n'kosavuta. Iwo bulawuza ankaidziwa yophikaphika: kutsitsa pa intaneti, kudina kawiri, basi. Apa anapeza foda yodzaza mafayilo zikwizikwi a khodi, malemba amene kompyuta iyenera kuwatafuna maola ambiri kuti asanduke pulogalamu. Pakati pawo panali kafoda kolembedwa kuti "mawu", muli timafayilo makumi anayi ndi kamodzi. A Waya anakayang'ana nthawi yaitali, osakatsegula. Anaopa. Anati adzamvera limodzi ndi alamu awo. Zokopera kafodako pa fulashi, kachida kosungira mafayilo, ntchito ya mphindi imodzi, sizinawabwerere m'mutu, pomwe mafulashi anali mbwee m'dirowa. Munthu yemweyo amene ankakalipira makasitomala tsiku ndi tsiku kuti azisunga zinthu pawiri!

Anapeza tsamba la malangizo n'kuyamba kutsatira mzere ndi mzere, chala chili pagalasi. Anaika kompaila, pulogalamu imene imagwira ntchito yomangayo. Anaika tizida tina khumi ndi tiwiri timene kompailayo imafuna, kena n'kukana kuti mnzake ndi wakale, akamusintha mnzakeyo, kachitatu n'kunyanyala. Memore, mphamvu yokumbukira ya laputopuyo, inachepa, anazula ina m'kompyuta yakufa ya pansi pa tebulo. Laputopu inkatentha, anaikweza pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mphepo izidutsa pansi.

Wometa anasuzumira pakhomo. "Akulu, masiku atatu kompyuta imodzi? Mwakalamba basi."

"Ndakalamba," anatero a Waya, osacheuka.

Ulendo woyamba inamanga maola asanu, fani ikulira, kenako mizere yofiira yosonyeza kuti yalephera. Wachiwiri inafera pomwepo. Wachitatu chimodzimodzi. A Waya sanapse mtima, sanatukwane monga mwa nthawi zonse. Ankangowerenga mizere yofiirayo ngati mayina a anthu osawadziwa.

M'mawa wa Lachisanu anapeza pa intaneti munthu wina amene anakumana ndi vuto lomwelo. Zotsalira za kumanga kolephera ndizo zikusokoneza, anatero munthuyo. Anapereka lamulo la mzere umodzi losesa mufoda chilichonse chimene sichinalembetsedwe m'kaundula wa mafayilo a khodiyo. Kusesa! Apo ndiye a Waya anamva chilankhulo chawo. Zala zinalemba zokha, mutu usanafunsidwe. Kompyuta nayo sinafunse kanthu. Mizere inathamanga pagalasi masekondi angapo, n'kuima.

Anayambitsanso kumanga. Dzuwa likupendeka, inatha bwinobwino, popanda mzere wofiira ngakhale umodzi. Bulawuza inatseguka, yoyera, yokongola. Apo m'pamene anapita kukaona kafoda kaja.

Kanalibe. Mng'ono wawo anali asanakalembetse m'kaundulamo, ndiye kwa kompyuta kanali chinyalala ngati zina zonse.

Kubweza mafayilo ofufutika a Waya ankakudziwa, anthu ambiri anawabwezera zithunzi za maukwati awo. Anazula disiki, anailumikiza ku kompyuta yawo, anayesa pulogalamu iyi ndi iyo. Koma kumanga kwa tsiku lonse kunali kutalemba zinthu zake pamwamba pa malo omwewo. Madzi akatayika saoleka. Anabwezera disiki, anamanga masikuluu onse asanu ndi atatu. Kunabwera mayi wina ndi foni yosatchaja, anamukonzera. Kenako anaimbira alamu awo.

"Yatheka?" anafunsa alamu.

"Yamangika," anatero a Waya. Silinali bodza.

Loweruka m'mawa alamu anafika atavala diresi yawo yabwino. A Waya anawakokera mpando, anawagwira dzanja n'kuliika pa batani. Alamu anapuma kaye, kenako anadina. Bulawuza inatseguka. Kuseri kwa khoma makina a telala ankagogoda, koma m'shopumo munali zii.

"Mwina sipika yatsekedwa, alamu," anatero mkazi wa malemuyo.

A Waya anakweza voliyumu mpaka pamapeto, akudziwa kuti sizithandiza. Alamu anadinanso.

"Mawu aja kulibe," anatero a Waya. "Ndawafufuta ndine. Si kompyuta, ndine. Ndinayesa kuwabweza, zakanika."

Alamu sanakuwe. Dzanja lawo linakhala pomwepo pa batani.

"Inu munawamvako?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ndinkadikira inu."

Alamu analozetsa nkhope kukhoma. Kenako anayankhula motsitsa, ngati akuuza munthu njira ya kumsika.

"Pa mawu akuti bwerera anatsokomola. Ndinawauza kuti ajambulenso, iwo anati adzakonza akachira."

Pamenepo dzanzi lija linawachoka a Waya, ndipo chimene chinalowa m'malo mwake chinali ululu weniweni. Anakhala pansi pa simenti, pakati pa makompyuta akufa, n'kulira mng'ono wawo koyamba. Alamu anapapasa mpaka anapeza chivundikiro cha laputopu, anaitseka pang'onopang'ono, n'kufunsa kumene anaika chikwama chawo.