Piyano Ndinaimvera Pawindo

Ndikukumbukira kiyibodi ya mpingo wathu ku Kachulu. Inali yakuda koma yotuwa m'mbali ndi fumbi, ndipo kiyi imodzi yakumanja inali itafa: ukaidina inkangolowa osatulutsa mawu. Inkayendera batire ya galimoto imene tinkakatchajitsa kumsika, pafupi ndi doko. Batire ikamatha pakati pa nyimbo, mawu ankasanduka a mbuzi yodwala chimfine, ndipo amayi a kwaya ankangopitiriza ndi m'manja, uku akundiyang'ana ngati moto wake ndamwa ndine. Kiyibodiyo inkagona kwathu, chifukwa nyumba yathu inali ya malata komanso amayi anga ndi amene ankatsegula ndi kutseka tchalitchi.

Ndinaiphunzira ndekha, ndi khutu. Bambo ankakhalitsa kunyanja, m'zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama m'mabango, choncho panalibe wondiletsa phokoso. Pofika Sitandade 8, ine Felesita ndinali woyimbira mpingo Lamulungu lililonse, nditakhala pa benchi, miyendo isakufika pansi bwinobwino.

Chaka chimenecho kusukulu kwathu kunali aphunzitsi a Chikopa. Ankapemphera kwina, ndipo ankalera Dayisoni, mwana wa mlongo wawo, amene tinali naye kalasi imodzi. Ankadziwa kuwerenga nyimbo zolembedwa ndi timadontho pamizere, zimene ku Kachulu konse panalibe wina wozidziwa. Madzulo ena mvula itangoyamba anafika kwathu akukankha njinga, nawauza amayi za sekondale ina yogonera komweko ku Zomba, imene chaka ndi chaka inkatenga ana ochepa aluso loyimba piyano, n'kuwaphunzitsa ulere. Mwana ankayenera kukayimba pamaso pa oyesa.

“Piyanoyo ndi chiyani, aphunzitsi?” anafunsa amayi.

“Ndi mkulu wake wa iyi muli nayoyi. Mwana wanuyu ali ndi mphatso, mayi. Ndipatseni ndimukonze. Ndidzawakonzera limodzi ndi Dayisoni, azilimbikitsana.”

Vuto linali lakuti akuluampingo sankalola munthu wakunja kukhudza kiyibodiyo, chichokereni pamene anyamata ena anaibwereka ku ukwati n'kuibweza kiyi ija itafa. Amayi anakagwada pamaso pawo. Anachonderera mpaka akuluwo anavomera, ati poti ndi za tsogolo la mwana wa mumpingo.

Maphunziro anayamba. Tikaweruka kusukulu tinkalowa m'tchalitchi, mmene munkanunkha zitosi za mileme ndi fungo la matemba lochokera pa mathandala akudoko. A Chikopa ankaima kumbuyo kwathu ndi rula. Zala zizikhala zopindika ngati wafumbata ndimu. Msana uwongoke. Ukalakwitsa, rula inkatera chammbali pa mfundo za zala, ndipo ululu wake unkafika m'mano. Makolasi anga onse anawaletsa, ati ndi phokoso lakumudzi. Anatipatsa nyimbo imodzi yachizungu, ya dzina limene lilime langa linkalikana, yokhala ndi malo ena pamene dzanja lamanzere limadumpha lamanja. Poyamba ndinkadana nayo. Kenako inandilowa m'magazi, moti ndinkaiyimba ndi zala pa mtondo, pa chidebe, ngakhale pamsana pa mng'ono wanga.

Dayisoni anali mnyamata wabwino, koma mtima wake unali ku mpira. Manja ake awiri ankakangana ngati akazi a pamitala: lina likayamba, linzake linkanyanyala. Nthawi zambiri a Chikopa ankatopa naye, n'kutuluka panja akunena kuti, “Felesita, tamuonetsa mnzakoyu.” Ndinkamuonetsa ndi mtima wonse. Ndinkamugwira chala chimodzichimodzi, kumuwerengera, kumubisira zolakwa kuti rula isamupeze.

Tsiku lina a Chikopa anatembenuza zikhatho zanga, naona ming'alu ndi zikhadabo zodzaza matope. Inali nyengo yowokera mpunga ku sikimu ya Likangala, ndipo Loweruka lililonse ndinkakhala m'madzi ndi amayi. Anatumiza mawu kwathu kuti manja a piyano sawokera mpunga. Amayi sanatsutse. Kuyambira pamenepo anandiletsa kuponda m'munda. Ankapita okha mbandakucha, n'kubwerako dzuwa litapendeka, msana wosawongoka, miyendo ili ndi mabala a misundu. Ndikafuna kuwalandira khasu ankandikalipira. Anzanga popita kumunda ankandikuwiza kuti “abwana a piyano,” ndipo ine ndinkaseka nawo, ndikudziwa kuti ndidzawabwezera amayi zonsezo. Mbali ina ya munda sinawokeredwe n'komwe. Ina udzu unaimeza, popeza manja awiri sakanapalira ponse.

Tsiku la mayeso linafika mpunga utayamba kucha, nthawi imene mpheta zimagwa m'munda ngati mtambo. Amayi sakanausiya munda. Anandisitira yunifolomu ndi simbi yamakala, anandidzoza mafuta m'manja, nandiperekeza pa siteji ya minibasi. Anangondikonza kolala, ngakhale inali yokonzeka kale. Tinakwera atatu, ine, Dayisoni ndi a Chikopa, titapanikizana ndi madengu a matemba, ndipo njira yonse ya mabampu ija manja anga ndinawapakata pamiyendo ngati mazira.

Sukuluyo inali ndi kapinga wometedwa bwino ndi holo ya mawindo aataliatali. Ana a m'tauni ankatsika m'magalimoto atanyamula mabuku a nyimbo. Sindinachite nawo mantha. Nyimbo yanga ndinkaidziwa ngati njira yakumjigo. Pakhomo la holo panali mayi wina wa magalasi amene ankalandira anthu. Titafika pamaso pake, anatiyang'ana anafe, kenako a Chikopa.

“Aphunzitsi, paja tinakuuzani kalekale kuti sukulu iliyonse ibweretse mwana mmodzi. Woyimba ndi uti?”

Sanazengereze. Sanakande ngakhale m'mutu kuti aoneke ngati aiwala. Anaika dzanja paphewa la Dayisoni.

“Ndi uyu. Mtsikanayu wangotiperekeza, wabwera kudzaonera.”

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Dayisoni anatembenuka, maso ali tong'o. “Amalume, koma Felesita ndi amene amatha...”

“Tseka pakamwa.”

“Aphunzitsi, nanga ine?” ndinafunsa.

Anawerama, nandinong'oneza mano ali okukuta. “Usandichititse manyazi pano. Kakhale apo.”

Ndinalimba mtima, ndinayang'ana mayi uja. “Madamu, inenso ndimayimba. Ndakonzekera.”

“Pepa mwanawe,” anatero, maso ali kale kwa amene anali kumbuyo kwathu. “Ife timalandira amene sukulu yamusankha. Ukambirane ndi aphunzitsi ako.”

Ndinakakhala pakhonde, pansi pa windo la holo. Mmenemo wina anayamba kuyimba, ndipo kameneko kanali koyamba kumva piyano yeniyeni. Mawu ake sankatuluka m'kasipika ngati kwathu. Ankabwera ndi khoma, kudutsa m'simenti, n'kundigwedeza m'mimba. Akumanzere anali akuya ngati bingu la kutsidya kwa nyanja, akumanja oyera ngati madzi a m'botolo. Ndinaimirira pa zala za kumapazi kuti ndione. Ndinaona chinthu chachikulu chakuda, chonyezimira, makiyi ake onse amoyo. Chinali pafupi moti windo likanakhala lotsegula ndikanachilavulira.

Kenako analowa Dayisoni. Anayamba bwino ndithu, monga ndinamuphunzitsira. Zala zanga zinkayenda naye pa simenti ya windo. Atafika paja dzanja limadumpha linzake anapunthwa. Anabwerera, napunthwanso pomwepo. Anayambiranso pachiyambi, ndipo ulendo uno manja anangomwazika. Ine kunjaku nyimbo ndinaimaliza yonse, osaphonya ngakhale pamodzi, pa simenti yosalankhula. Sindinalire. Ndi pamenepo pamene zonse zinandiwalira: kuti mphunzitsiyu ankadziwa kuyambira tsiku lija anakankha njinga kubwera kwathu, kuti chimene ankafuna ndi kiyibodi ya mpingo, ndipo njira yoifikira inali ine, kuti pamwamba pake anapeza mphunzitsi waulere wa mphwake.

Dayisoni anatuluka akulira, osatha kundiyang'ana. Kudepoti a Chikopa anandigulira chakumwa ndi banzi. Sindinalandire. Mu minibasi anandiyandikira n'kunena kuti, “Ukafika kwanu ukanene kuti unayimba, koma ana a m'tauni anatiposa. Wamva? Amayi ako asadandaule.”

Amayi ndinawapeza kumunda, akumenya chitini ndi kukuwa kuingitsa mpheta, mawu atasasa. Atandiona anathamanga pa mzere wa munda ngati mtsikana. Ndinawauza zonse monga zinachitikira, ndi bodza lomwe anandituma. Anamvetsera osandidula. Kenako anaika chitini pansi, namanga chitenje mwamphamvu, n'kuyamba kuyenda. Sanasambe miyendo. Mpheta zinatera m'munda ife tikuona, iwo osacheuka.

A Chikopa tinawapeza pakhonde la nyumba yawo kusukulu, atavula nsapato. Aphunzitsi anzawo ndi ana anayamba kusonkhana.

“Aphunzitsi, mwana wanga wayimba?”

“Mayi, khalani pansi tikambirane. Zinthu zake zinasintha mwadzidzidzi...”

“Ndafunsa kuti wayimba?”

Ataona kuti bodza silikuyenda, anasintha mawu. “Tinene zoona, mayi. Mwana wamkazi mukamutumiza kutali, chaka chisanathe wabwera ndi mimba, malo aja n'kuwonongeka. Dayisoni ndi mwana wa mlongo wanga. Ndikapanda kumuganizira ine, amuganizira ndani?”

Amayi anawayandikira. Ndinkaganiza kuti awamenya. Koma analankhula motsitsa, mawu amene mpaka lero ndimawamva.

“Mukanabwera n'kunena kuti mukufuna kiyibodi, ndikanakagwada kwa akulu chimodzimodzi, ndikanakupempherani. Koma inu munabwera kudzabwereka mwana wanga. Mwamumenya zala, mwamuchotsa m'munda, mwandidyetsa kwa misundu ndekha, lero mukumutukwana ndi mimba imene sanatenge. Taonani miyendo yangayi. Taonani, aphunzitsi, musayang'ane kumbali!”

Sanayang'ane. Anatola nsapato zawo n'kulowa m'nyumba.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri si iwo okha ayi. Ahedi anati nkhaniyi ithere pomwepo, isaipitse mbiri ya sukulu. Akuluampingo anabwera kwathu kudzatiuza za kukhululuka, ndipo asanadzuke anafunsa ngati ndiyimbe Lamulungu likudzalo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakwera minibasi kukanena ku Zomba kuti kuli mwana amene anatsekeredwa panja. Dayisoni sanatengedwe, malo aja anangopita. Ndinatha miyezi osaikhudza kiyibodi. Mpunga wa chaka chimenecho sunatifikitse patali, ndipo ine ndinapita ku sekondale yoyendera, ndikupalasa njinga ya bambo.

Piyano ndinadzaikhudza ndili wamkulu, ku koleji ya uphunzitsi. Lero ndine ndimakonzekeretsa ana mayeso ngati amenewo. Zambiri zasintha. Matchalitchi a kunyanja ali ndi magetsi a dzuwa, ana amaonera pa foni mmene zala zimayendera, ndipo kholo likhoza kuimba lokha kusukulu n'kufunsa kuti malo alipo angati. Rula m'kalasi mwanga mulibe. Mwana aliyense amene ndamutenga, tsiku loyamba ndimaitana makolo ake n'kuwauza zoona zake za malo, ngakhale zikhale zowawa, ndipo tsiku la mayeso sindichoka pakhomo mpaka nditamuona atakhala pampando. Koma chizolowezi chomuuza wolakwiridwa kuti akhale chete pofuna mtendere, chimenecho sichinasinthe.

Chaka chatha ndinakumana ndi a Chikopa pamsika wa Songani, atakalamba, akusankha tomato. Anandizindikira, nagwira mkono wa mnzawo mwachimwemwe.

“Ukumuona mayiyu? Ndi katswiri wa piyano. Ndinamuphunzitsa ndine, ndi manja angawa!”

Anaima akumwetulira, kudikira kuti ndivomere. Ndinapinda maondo n'kuwapatsa moni monga ndinaleredwera, ndinawafunsa za kunyumba, ndinafunsanso za Dayisoni. Zikomo amene ankamudikirayo sindinawapatse.